Mzukwa wa m'nkhani yanu utuluke m'bodza la wakuphayo

Funso: Ndine mayi amene ndangoyamba kulemba, ndipo ndili pakati pa nthano yaitali yochititsa mantha. Wofotokoza nkhani ndi mwamuna amene anapha mnzake yemwe ankakhala naye nyumba imodzi, ndipo mzukwa wa wophedwayo ukumusowetsa mtendere. Ndalemba mitu isanu ndi umodzi. Anzanga awiri amene awerenga akuti sakuchita mantha. Akuti wakuphayo ali ngati chilombo cha m'nthano za ana, makamaka akamanena mawu ngati akuti, "Mtima wanga ndi wakuda, ndimakonda kuona magazi." Mzukwawo, wovala zoyera ndi wa maso ofiira, unawaseketsa. Ndikulakwitsa pati? Kodi ndinene poyera kuti mzukwawo ndi weniweni, kapena kuti uli m'mutu mwake chabe? Komanso nthawi zina ndimadziopa ndekha ndikamalemba maganizo a munthu wakupha. Si kulakwa kodi?

Yankho: Achemwali, anzanu awiriwo muwasunge bwino. Mnzako wokuuza kuti waseka pamene iwe umafuna anjenjemere ndi wosowa, ndipo amenewa akupulumutsirani miyezi yambiri. Ndakhala ndikuwerenga zolemba za alembi ongoyamba kwa zaka zambiri, ndipo vuto mwafotokozali ndimakumana nalo kawirikawiri. Mwalemba nkhani ziwiri n'kuzimanga m'chikuto chimodzi, ina ya munthu wakupha, ina ya mzukwa, ndipo ziwirizi sizikudziwana. Tayesani izi. Mzukwa wanu wovala zoyera uja muuchotse m'nyumba ya mwamunayu, mukauike m'nyumba ya munthu amene sanaphepo ngakhale nkhuku. Chasintha n'chiyani? Ngati palibe, ndiye kuti mzukwawo ndi wobwereka. Wowerenga anauona kale m'mafilimu ambirimbiri, n'chifukwa chake akuseka. Mzukwa woumitsa munthu pakamwa ndi umene sungaonekere wina aliyense padziko lapansi koma wakupha ameneyu, popeza wapangidwa ndi chinthu chimene iye akukana kuchinena. Tiyambe ndi iyeyo, mzukwa utuluka wokha.

Chiganizo mwandipatsa chija, cha mtima wakuda ndi magazi, ndicho chapha mpangankhani wanu. Anthu salankhula choncho akakhala okha m'mutu mwawo. Munthu amene wachita choipa chachikulu amakhala woyamba kudziimira pamlandu, ndipo loya wa mumtima mwakeyo sagona. M'chaka cha 1957 akatswiri awiri a ku America, Gresham Sykes ndi David Matza, anafotokoza njira zisanu zimene anyamata ophwanya malamulo amatontholetsera chikumbumtima. Wina amati si ine, zinthu zinandikakamiza. Wina amati palibe amene wavulala kwenikweni. Wina amati wovulalayo anaziputa dala, zinamuyenera. Wina amatembenukira omuweruza n'kumati inu ndinu oipa kuposa ine. Womaliza amati ndinachitira anzanga, kapena china chake chachikulu kuposa lamulo. Chimene chimandigwira mtima pa zimene anapezazo n'chakuti anyamatawo sakana kuti kuba kapena kuvulaza munthu n'koipa. Lamulo amalivomereza, kungoti amadzibowolera kakhomo kotulukirapo iwo okha. Wakupha wanu akhale wotero. Azidana nawo opha anthu. Akamva pa wailesi za mwamuna amene wapha mkazi wake, azipukusa mutu ndi chisoni chenicheni.

Edgar Allan Poe anazidziwa izi kalekale. Nthano yake yaifupi ya 1843, The Tell-Tale Heart, ndi ya masamba owerengeka, koma alembi akuphunzirabe pa iyo mpaka lero. Wofotokoza nkhaniyo wapha nkhalamba imene ankakhala nayo, ndipo mlanduwo sakuukana. Chimene akulimbikira n'chakuti timuvomereze kuti mutu wake ukuyenda bwino. Akuti nkhalambayo ankaikonda, sinamulakwirepo, chuma chake sankachifuna. Chinamuvuta ndi diso lake limodzi lotuwa, longa la muimba. Umboni wa nzeru zakezo ndi uwu: kwa masiku asanu ndi awiri, pakati pa usiku, ankatsegula chitseko cha nkhalambayo pang'onopang'ono, mpaka ola lathunthu kutha akungolowetsa mutu. Usiku wachisanu ndi chitatu anaipha n'kubisa mtembo pansi pa matabwa a m'chipinda. Taonani chimene chikuchitikira wowerenga. Umboni uliwonse umene munthuyu akupereka kuti ali bwino ukutitsimikizira kuti sali bwino, ndipo mantha akukhala mu mpata umene uli pakati pa zimene iye akunena ndi zimene ife tikumva. Apolisi atatu atabwera, iye mwini akuwaikira mipando m'chipinda chomwecho, wake n'kuukhazika pamwamba penipeni pa mtembo, ndipo chomuulula ndi kugunda kwa mtima kumene akukumva yekha.

Ndiyese kulemba mmene mwamuna wanuyo angalankhulire, kuti muone chimene ndikutanthauza:

"Anthu amati tinali ngati pachibale, ndipo sanama. Zaka zinayi ndinkamulipirira theka la lendi osadandaula. Ngakhale usiku umenewo ndi ine amene ndinamufunditsa, popeza kunkazizira, ndipo iye chifuwa sichinkachedwa kumugwira. Kenako ndinazimitsa nyali, ndinatsuka makapu onse awiri. Ine sindigona zinthu zili mbwee."

Kupha sanakutchule. Wakamba za lendi, za chofunda, za makapu. Wowerenga akazindikira kuti wofunditsidwayo ndi mtembo, ndipo kuti wofunditsayo akudziyamikira chifukwa cha ukhondo, thupi limachita tsemwe lokha popanda inu kumuuza kuti aope. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ntchito yanu ndi kuipukuta nkuyuyo kuti iwale, koma n'kusiya kabowo kamodzi pamene nyerere ikusuzumira.

Kabowo kameneko ndiye khomo la mzukwa. Buku limene ndimalangiza aliyense wolemba za wakupha kuti aliwerenge mofatsa ndi Crime and Punishment la Fyodor Dostoevsky, la 1866. Raskolnikov, mnyamata wosauka amene wasiya sukulu ya ukachenjede ku St Petersburg, wakonza zopha mayi wokalamba wokongoza ndalama pa chikole. Wamanga chiphunzitso chonse chodzilungamitsira: kuli anthu wamba ndi anthu apadera, ndipo apaderawo ali ndi ufulu wolumpha malire. Mayiyo akumupha ndi nkhwangwa. Koma mng'ono wa mayiyo, Lizaveta, munthu wofatsa amene sanamulakwire, akulowa mwadzidzidzi, nayenso n'kuphedwa. M'chiphunzitso chija mulibe malo a Lizaveta. N'chifukwa chake Raskolnikov amatha masamba ambiri akukangana ndi mtima wake za mayi wokalambayo, koma za Lizaveta pafupifupi osaganiza, mpaka iye mwini kudabwa nazo. Kuphako kumathera m'gawo loyamba mwa magawo asanu ndi limodzi. Otsalawo ndi a kutentha thupi, maloto, ndi kubwerera kunyumba imene anapheramo kukalizanso belu la pakhomo. M'loto lina akumenyanso mayiyo ndi nkhwangwa, koma mayiyo akungoseka mwakachetechete. Mlandu suola, ndipo buku lonselo ndi umboni wake.

Ndiye funso limene muyenera kuligonera masiku angapo ndi ili: Lizaveta wa mwamuna wanuyo n'chiyani? Ndi chinthu chiti cha usiku umenewo chimene sichikukwana m'nkhani imene amadziuza? Mwina mnzakeyo anali atangomupepesa. Mwina anamuthokoza pomulandira kapu. Mwina m'mawa mwake wakuphayo anapeza m'thumba la malemuyo ndalama zonse zimene ankakanganirana, zitakulungidwa m'pepala lolembedwa dzina lake. Mwina pomufunditsa paja anali akupumabe. Sankhani chimodzi chokha. Mwamunayo azichizungulira m'mitu yonse ngati munthu wopewa dzenje lam'njira imene amayendamo tsiku ndi tsiku, ndipo wowerenga azidziwa kuti pali dzenje poona mmene akukhotera.

M'buku lomwelo muli phunziro lina limene ambiri amalidumpha. Svidrigailov, mwamuna amene akuganiziridwa kuti anali ndi dzanja pa imfa ya mkazi wake, akufotokoza kuti malemuyo wamuonekera katatu. Nthawi yoyamba anangolowa n'kumukumbutsa kuti waiwala kupukusa wotchi ya m'chipinda chodyera, ntchito imene mwamunayo ankaichita sabata ndi sabata pa zaka za banja lawo. Ine ndime imeneyi imandizizira kuposa mizukwa yonse yokuwa imene ndinawerengapo. Wakufayo akupitiriza moyo wa m'nyumba ngati palibe chachitika, ndipo sakuimba mlandu aliyense. Mzukwa wokalipa umapatsa wakupha mdani woti alimbane naye, ndipo kulimbana kumapepuza mtima. Koma wokukumbutsa za wotchi ungalimbane nawo bwanji?

Alembi ena aluso anayenda njira yomweyi. Mu Thérèse Raquin ya Émile Zola, ya 1867, Laurent akumiza Camille mu mtsinje wa Seine kuti akwatire mkazi wake Thérèse, koma pomira paja Camille akumuluma pakhosi. Chipseracho sichikuzimirira. Laurent ndi wojambula zithunzi, ndipo pambuyo pake nkhope iliyonse imene akujambula ikutuluka yofanana ndi ya Camille. Dzanja lake lomwe lamugalukira. Atakwatirana ndi Thérèse, awiriwo akumva ngati mtembo wonyowawo wagona pakati pawo pabedi. Mu The Haunting of Hill House ya Shirley Jackson, ya 1959, nyumba imagogoda usiku, ndipo pambuyo pake timamva kuti Eleanor, mmodzi mwa alendo ogona m'nyumbayo, amene anadwazika mayi ake zaka 11, amadziimba mlandu kuti usiku umene mayiwo anamwalira anagogoda khoma kumuitana iye osadzuka. Ngakhale mu Macbeth ya William Shakespeare, mzukwa wa Banquo, mnzake amene Macbeth anamuphetsa, suchita zambiri: ukukhala pampando wa Macbeth paphwando, pamaso pa alendo amene sakuona kanthu. Munthu amene anaphera mpando akupeza wophedwayo atakhala pampando. Paliponse apa mzukwa wasokedwa pa msinkhu wa wolakwayo, ngati chovala chimene sichingakwane wina.

Izi zikugwirizananso ndi zimene zimachitikira anthu enieni. M'chaka cha 1971 dokotala wina, W. Dewi Rees, anafalitsa zimene anapeza atacheza ndi amuna ndi akazi 293 oferedwa anzawo apabanja ku Wales. Pafupifupi theka anati anamvapo kapena kuonapo malemuwo, ndipo chimene chinkachitika kwambiri ndi kungomva kuti ali pafupi, osawaona n'komwe. Ambiri a iwo ankatonthozedwa nazo. Ganizirani tsono chinthu chomwecho chikuchitikira munthu amene imfayo anaichititsa ndi manja ake. Chimene kwa wamasiye ndi chitonthozo, kwa iye ndi kuitanidwa kubwalo. Simukufunika kupeka zachilendo. Tengani chochitika chodziwika kwa aliyense amene anaferedwapo, muchiike m'chifuwa cholakwika.

Kwa inu zikutanthauza kuti mzukwa wanu uvule zoyera zija, uvale zizolowezi za wophedwayo. Anthu awiri amene akhala nyumba imodzi zaka zinayi amadziwana pa tinthu tating'onoting'ono: mmene wina amatsekera chitseko, mbali imene amasiya nsapato, nyimbo imene amaimba chamumtima akamameta. Tinene kuti malemuyo ankatsokomola kawiri asanalankhule. M'mutu wachiwiri, akadali moyo m'zokumbukira za mwamunayo, titsokomole timeneti tizimveka ngati chinthu chomunyansa chabe. M'mutu wachinayi akumva kutsokomola kawiri kuseri kwa khoma, n'kunena kuti ndi anansi. Chowawa n'chakuti pambuyo pa kutsokomolako pamayenera kubwera mawu, ndipo iye akudikira mawuwo, koma sakubwera. Usiku ndi usiku akudikira chiganizo chimene sichikunenedwa. Ndiyeno tsiku lina ali pakati pa anthu, akufuna kuyankha funso, akudzimva yekha akutsokomola kawiri. Apo wowerenga saseka.

Ann Radcliffe, mlembi wa ku England, m'nkhani imene inasindikizidwa mu 1826 iye atamwalira kale, anasiyanitsa mitundu iwiri ya mantha. Pali nthumanzi ya chinthu chimene sunachione bwino, imene imadzutsa munthu yense, makutu n'kuima, maganizo n'kuthamanga. Palinso kunyansidwa ndi chinthu chimene chaikidwa poyera pamaso pako, kumene kumakufinya ndi kukuumitsa. Wachiwiriwu ndi wamphamvu koma sukhalitsa, ndipo ukaubwereza umasanduka nthabwala. Maso ofiira ali m'gulu lachiwirili. Mtundu umenewu muugwiritse ntchito kamodzi kapena kawiri m'buku lonse, pamalo amene mwawakonzera kwa nthawi yaitali. Kwina konseko wowerenga azikhala m'nthumanzi. Ndipo musafulumire. Ngati mzukwa waonekera wathunthu m'mutu woyamba, mitu yotsatirayo ilibenso kokwera.

Tsopano funso lanu lachiwiri. Ena adzakuuzani kuti sankhani chimodzi, mapanga awiri avumbwitsa. Pa nkhani zamtundu uwu mwambiwo sugwira nthawi zonse, popeza alipo alembi amene anaimika wowerenga pamvula dala, pakati pa mapanga awiriwo, ndipo kuvumbwako ndiko kukoma kwa nkhani. Henry James anachita zimenezi mu The Turn of the Screw, ya 1898. Mtsikana wolembedwa ntchito yophunzitsa ana awiri amasiye, Miles ndi Flora, panyumba yaikulu yotchedwa Bly, akuona antchito awiri amene anamwalira, Peter Quint ndi Miss Jessel. Palibe wina amene akuvomera poyera kuti wawaona, zimene zikutikayikitsa mutu wa mtsikanayo. Komano iye akufotokoza maonekedwe a Quint, munthu amene sanakumanepo naye, mwatsatanetsatane mpaka mayi woyang'anira nyumbayo kumuzindikira. M'chaka cha 1934 katswiri wopenda mabuku, Edmund Wilson, analemba kuti mizukwayo ili m'mutu mwa mtsikanayo, ena anatsutsa, ndipo mkanganowo sunathe. Sunathe chifukwa James anapatsa mbali iliyonse umboni umene mbali inayo imavutika kuugwetsa. Katswiri wina wopenda mabuku, Tzvetan Todorov, m'buku lake la 1970, anati kukayikira kumeneku, pamene wowerenga sakutha kusankha pakati pa chifukwa chachilengedwe ndi chauzimu, ndiko mtima wa nkhani zotere.

Koma si lamulo. Toni Morrison, mu Beloved ya 1987, sanataye nthawi ndi kukayikira. Anatenga mbiri yoona ya Margaret Garner, mayi amene anathawa ukapolo ku Kentucky n'kuolokera ku Ohio mu 1856, ndipo atazingidwa ndi omusaka anapha mwana wake wamkazi kuti asabwezedwe ku ukapolo. M'bukulo mzukwa wa mwanayo ndi weniweni, a m'nyumbamo onse akuudziwa, ndipo kenako ukubwera m'thupi ngati mtsikana wamkulu. Funso loti alipodi kapena ayi likanachepetsa nkhaniyo, chifukwa chimene chikuvutitsa nyumba imeneyo ndi mlandu wa dziko lonse, ndipo mayi wakuphayo anapha chifukwa cha chikondi chimene chinasowa kothawira.

Pa nkhani yanu, maganizo anga ndi akuti musiye wowerenga pamvula. Mwasankha wakupha kuti ndiye azifotokoza, ndipo munthu amene akutinamiza za usiku umenewo sitingamukhulupirire kwathunthu za mzukwa. Umenewo ndi mwayi, musautaye. Koma inu mlembi mudziwe yankho lanu, mulilembe papepala limene simudzaonetsa munthu, pamodzi ndi malamulo a mzukwawo: umabwera nthawi yanji, ungathe chiyani, sungathe chiyani. Kukayikira kumene mlembi wakukonza kumasiyana ndi chisokonezo cha mlembi amene sanaganize, ndipo wowerenga amakununkhiza kusiyanako. Mupezenso mboni imodzi ya kunja. Mayi wa nyumba yoyandikana akumane naye m'mawa n'kunena mwachifundo kuti, "Achimwene, chifuwa chimenecho mupite nacho kuchipatala, usiku wonse ndimakumvani." Mawu amodziwa akutumikira mapanga onse awiri. Mwina kutsokomolako kulipodi ndipo ena akukumva. Mwina wotsokomolayo ndi iye mwini ali m'tulo. Zonse ziwiri n'zoopsa, ndipo ine sindingasankhe yoopsa kuposa inzake.

Chenjezo limodzi pa kufotokoza nkhani ndi pakamwa pa wakupha. Nthano yaifupi imapirira mawu amodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma buku lalitali limatha kubanika. Dostoevsky anayamba kulemba buku lake lija ngati chivomerezo cha Raskolnikov mwini, kenako anasiya n'kuyambiranso ndi mfotokozankhani wa kunja amene amamutsatira pafupi. James Hogg wa ku Scotland, mu The Private Memoirs and Confessions of a Justified Sinner ya 1824, anafotokoza nkhani imodzi kawiri, poyamba ndi mawu a mkonzi wosonkhanitsa umboni, kenako ndi mawu a wakuphayo, amene amakhulupirira kuti ndi wosankhidwa wa Mulungu ndipo palibe tchimo lingamutayitse. Inu simukuyenera kusintha zonse. Ingotsegulani mazenera. Anthu ena azilankhula m'nkhaniyo, ndipo zimene akunena zizitsutsana pang'ono ndi zimene iye watiuza. Iye wati ankalipira theka la lendi. Mwini nyumba anene mongodutsa kuti malemuyo ndiye ankabweretsa ndalama mwezi uliwonse. Mwamunayo asayankhepo, angopitiriza nkhani ina.

Ndikupempheninso kuti musathawire ku misala. N'kosavuta kulemba kuti anapha chifukwa mutu unasokonekera, koma kutero kumatseka funso limene buku lanu liyenera kulitsegula, komanso kumanamizira anthu odwala. Ambiri mwa odwala matenda a maganizo savulaza munthu, ndipo kawirikawiri iwo ndiwo amachitiridwa nkhanza. Mwamuna wanu aphe pa zifukwa zimene wowerenga akuzidziwa m'chifuwa chake: nsanje, manyazi, ngongole, kunyozedwa kwa zaka zambiri kumene sanakuyankhe. Kusokonezeka kubwere pambuyo, ngati chipatso cha kusagona ndi kusunga chinsinsi. Wowerenga akaona chilombo amakhala pamtendere, popeza iye si chilombo. Akaona munthu amene wakwiya ndi chinthu chimene iyenso chinamukwiyitsapo, mpando umayamba kutentha.

Za kudziopa kwanu ndiyankha ndi mtima wonse, chifukwa ndi funso limene ndimalilemekeza. Si kulakwa. Kuti mulembe mwamunayu moona, mukubwereka mkwiyo wanu, nsanje yanu, ndi luso lanu lodzikhululukira, zimene tonse tili nazo, n'kuzikulitsa. Kuopako ndi chizindikiro choti mwasiya kulemba chidole mwayamba kulemba munthu. Mlembi amene amandidetsa nkhawa ndi amene saopa, amene amakondwera ndi wakupha wake mpaka kumusandutsa ngwazi yanzeru kuposa onse, wophedwayo n'kukhala ngati katundu wa m'nyumba. Malire ake ine ndimawaona pawiri. Poyamba, musalembe njira yophera mwatsatanetsatane ngati buku la malangizo. Poe anamaliza kuphako m'ziganizo zochepa, mphamvu yonse anaiika pa kudikira ndi pa zotsatira. Kachiwiri, musatenge imfa yeniyeni ya munthu amene abale ake akali moyo n'kuisandutsa chosangalatsa. Ndipo ngati mwaona kuti mawu a mwamunayu akukutsatirani mpaka pogona kwa masiku ambiri, tsekani kope, mupume, mucheze ndi anthu amene amakukondani. Buku lidikira.

Chachikulu chimene chingakutetezeni, n'kutetezanso bukulo, ndi wophedwayo. M'kalata yanu mwandiuza zambiri za wakupha ndi za mzukwa, koma za mnzake uja mwangoti "mnzake". Apa ndi pamene pagona vuto lonse. Mzukwa ndi munthu amene akusoweka, ndipo sitingamve kusoweka kwa munthu amene sitinamudziwe. Ankagwira ntchito yanji? Ankaseka bwanji? Ankatumizira ndani ndalama? Ndani akuyang'anabe foni kudikira uthenga wake? Anali ndi zoipa zake, mwina analidi wovuta kukhala naye, ndipo zimenezo muzilembe, kuti mkwiyo wa wakuphayo ukhale ndi poyambira. Koma akhale munthu wathunthu, woti wowerenga amukonde pang'ono kudzera m'mawu a munthu amene akuyesetsa kumuipitsa. Luso limeneli n'lovuta, koma likatheka, wakuphayo amaluza mlandu ndi pakamwa pake pomwe.

Musanakhudze mitu isanu ndi umodzi ija, lembani masamba atatu a tsiku limodzi wamba la malemuyo akadali moyo, kuyambira podzuka mpaka pogona, osatchula imfa. Mwina masambawo sadzalowa m'buku, koma m'menemo mutola tizizolowezi titatu kapena tinayi timene mzukwa udzavale. Kenako mulembenso mutu woyamba popanda mawu akuti kupha, magazi, ndi mzukwa, mwamunayo angotiuza mmene analili mnzake wabwino. Mukawapatse anzanu awiri omwe aja, ndipo musawafunse ngati achita mantha. Muwafunse kuti ndi pa chiganizo chiti pamene anazindikira zimene mwamunayu anachita, komanso kuti akukumbukira chiyani za wophedwayo.